Sikelo ya Kakowa

Sikelo iyi, mwana iwe, usaiponde ndi matope.
Lero ikuyeza nyemba muno mu Soweto,
koma inayezapo ansembe.

Kampani yathu inali Kakowa.
Ndege ziwiri; kunena zoona, imodzi ndi theka,
poti inayo inkangogona m'shedi pabwalo la m'tauni
n'kumapereka ziwalo kwa inzake
ngati m'bale wopereka magazi.
Mipando isanu ndi inayi. Lachiwiri ndi Lachisanu.
Kunyamuka mu Lusaka mbandakucha, kukatera pa Chilubi
tiyi wa m'fulasiki asanazizire.

Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya nsapato mumsewu wa Cairo:
masitepe makumi awiri ndi atatu,
foni imodzi, fani yothyoka phiko,
ndi ine, Velenasi Mbuzi,
nditavala mpango wobiriwira wosoka ndekha.

Ntchito yanga inali kuyeza anthu.
Ndege yaing'ono sidziwa ulemu, imadziwa makilo.
Ndinayeza namwino ndi bokosi lake la katemera,
mphunzitsi wofungatira mapepala a mayeso omata phula,
mkwatibwi amene anakana kuvula nsapato,
ndi bambo wina wa ku Matero
amene ulendo woyamba anakwera yekha pasikelo,
wachiwiri tinam'kweza anthu anayi,
ali m'bokosi, akupita kwawo.
Anali atapepuka makilo khumi ndi imodzi.
Ndinalemba.

A Lazalo Daka, eni ake, anali munthu wa mabasi.
Ankati kumwamba kulibe maenje, kulibe apolisi.
Anaiwala kuti kulibenso pokankhira.

Kaputeni Chisanga ankazungulira chilumba kawiri
kuti ana athamangitse mbuzi pabwalo.
Ndinkangomva. Ine sindinakwerepo.
Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi
ndikugulitsa madzi amene sindinawaone.
Chilumbacho ndinkachidziwa ndi mphuno:
ndege ikatera madzulo, chitseko n'kutseguka,
fungo la nsomba zouma ndilo linkayamba kutsika,
anthu pambuyo.

Kenako kwacha inayamba kuwonda.
Mafuta akwera Lolemba, akweranso Lachinayi.
Kachitsulo kena, kochepa ngati chala changa ichi,
kanathyoka mu injini,
ndipo ya m'shedi ija inalibenso chopereka.
Tinaitanitsa kunja.
A Yotamu, makaniko wathu, m'mawa uliwonse ku positi
atavala ovolosi yochapa,
pobwerako manja ali m'thumba.
Dzinja linadutsa. Udzu unazinga matayala.
Foni inkalirabe: Kodi ya Lachisanu ilipo?
Ine: Imbaninso sabata yamawa,
mpaka tsiku limene anaidula
ndili pakati pa bodza.

Angongole anabwera ndi lole.
Mipando itatu ili kwa wometa tsitsi ku Chilenje,
malamba ake akadali pomwepo,
ana amamangidwa nawo akamaopa lumo.
Kaputeni anapita kukaulutsa eni migodi.
A Daka anabwerera ku mabasi,
mbalame yoyera ikadutsa ankayang'ana pansi.
Ine, m'malo mwa malipiro a miyezi inayi,
anandiloza sikelo.
Ndinaisenza pamutu mpaka ku Kanyama,
iyo osandiuza kuti ikulemera bwanji.

Chaka chatha mayi wina wa nsomba anaima apa,
n'kuwerama, n'kupukuta ndi chitenje
kambalame kofufutika kali pambalipa.
Anati: Ine ndinali mmodzi wa othamangitsa mbuzi.
Bwalo lija tinapitiriza kulitchetcha zaka ziwiri,
Lolemba ndi Lachinayi, kuti mudzalipeze loyera.
Palibe anabwera kudzatiuza.

Ndinasowa pobisa maso.
Ndinam'yezera nyemba makilo awiri,
n'kuwonjezapo dzanja limodzi losayeza.

Chotsa phazi pamenepo, ndati.
Bweretsa thumba linalo, dzuwa likupita.